Thumba la Cakudya ca Galu

Owerenga athu amene anakulira ku Kabwata kapena ku Chelstone akukumbukira kuti galu sanali kumugulira cakudya m'sitolo. Anali kudya mkute, makoko a mumphika ndi mafupa a nkhuku ya pa Sondo, ndipo pa makomo ena anali kumuphikira phala la gaga. Za kasungidwe ka cakudya cake panalibe woganizirapo, pakuti cinali kuphikidwa madzulo ndi kutha madzulo omwewo. Zinthu zinayamba kusintha pamene Shoprite inatsegula sitolo yake mu Cairo Road m'caka ca 1995, kenaka Manda Hill mu 1999, ndi Pick n Pay ku Woodlands mu 2010. Masiku ano m'masitolo otere muli mashelefu odzaza ndi matumba a cakudya ca agalu ndi amphaka, ndipo ogula si a ku Kabulonga okha ayi. Kuopa akuba kwacititsa mabanja ambiri kuweta agalu aakulu monga German Shepherd ndi Boerboel, amene mkute wa pa mbale imodzi sungawakhutitse.

Tiyambe ndi cimene maso amaona. Pa thumba pamakhala cithunzi ca galu wonenepa, wa ubweya wonyezimira, ndipo pambali pake nyama yofiira, makaloti ndi nsawawa zobiriwira. Mukatsegula mupeza timibulu, tina tofiira, tina tobiriwira, tina topangidwa ngati kafupa. Tsono odziwa za maso a nyama amatiuza kuti galu amaona bwino mtundu wa buluu ndi wacikasu, koma kufiira ndi kubiriwira satha kuzisiyanitsa monga ticitira ife. Iye amasankha ndi mphuno. Zokongoletsa zonsezo anakonzera munthu amene ali ndi cikwama. Nzeru imeneyi si ya lero. James Spratt, amene anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu ku London ca m'ma 1860, anachuka kwambiri cifukwa ca zikwangwani zotsatsira malonda ake. Sitikunena kuti thumba lokongola ndi labodza, koma makolo anaticenjeza kale za cikomekome ca nkhuyu, kuti mkati muli nyerere. Cofunika kuwerenga cili kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono, pamene opanga amandandalika zimene anasakaniza kuyambira ndi cocuruka koposa. Pa matumba ambiri ochipa, coyamba pa mndandandawo ndi cimanga kapena mbewu zina, osati nyama ya pa cithunzi ija.

Komabe thumba lili ndi nchito yake yeniyeni, ndipo apa tiyenera kulilemekeza. Timibulu tija amatiumitsa mpaka madzi otsalamo akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, kenaka amatiwaza mafuta kuti galu akopeke ndi fungo. Mafuta amenewa ndiwo amayamba kuonongeka. Akakumana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha amasasa, monga icitira nsinjiro imene yakhalitsa m'mbale yosavundikira. Ndico cifukwa cake matumba abwino amakhala ndi zikutu zingapo zomatirana, ca pulasitiki ndi cina conyezimira mkati, kuti mpweya ndi cinyezi zisalowe ndiponso mafuta asatulukire kunja. Ena amaikanso zipi pakamwa. Tsiku lolembedwa pa thumba, losonyeza pamene cakudyaco cidzasiya kukhala cabwino, limawerengera thumba losatsegula. Tikangolidula ndi mpeni, mawerengedwe amasintha, ndipo ndi bwino kuti cakudyaco cithe m'mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono.

Pamenepa ndi pamene ambiri a ife timaonongera zinthu ndi manja athu. Timagula thumba lalikulu poti ndilo lochipa, ngakhale galu ndi mmodzi. Tikafika kunyumba timakhuthulira zonse m'ndowa yakale, thumba n'kupatsa ana kuti atayiremo zinyalala. Ndowa ija sititsuka, motero mafuta akale omatirira m'mbali amayambukira cakudya catsopano. Ena amasiya thumba lili kukamwa m'galaja ya malata, m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, pafupi ndi palafini ndi feteleza. Mvula ikayamba mu Novembala, thumba lokhala pa simenti limakoka cinyezi kucokera pansi, ndipo cuku cimayambira kumatako kwa thumba kumene diso silifika. Njira yabwino ndi yosafuna ndalama: cakudya cikhale m'thumba lake lomwelo, tipinde pakamwa ndi kumanapo ndi zopanira zovala, kenaka thumba lonselo tiliike m'ndowa ya civundikiro, pamwamba pa thabwa, m'cipinda cozizira. Makoswe ndi anankafumbwe nawonso asowa polowera.

Za cakudya ca m'zitini sitinenapo zambiri, pakuti ogula ndi ocepa. Citini cotupa kapena cadzimbiri citayidwe. Cotsegula cimafuna firiji ndipo cithe m'masiku awiri kapena atatu, ndipo tonse tikukumbukira mmene mafiriji anakhalira mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku.

Palinso malonda a mtundu wa pamela. Monga unga umapimidwa m'timapulasitiki kuti amene alibe ya thumba la makilogalamu 25 adyeko nsima tsiku limenelo, momwemonso gaga ndi zakudya za ziweto zimapimidwa m'misika. Wogulitsa sitimunena, naye akufuna ya sukulu ya ana. Koma kapulasitiki koonekera mkati, kamene katandala pa dzuwa tsiku lonse, sikateteza ciliconse. Coposa apo, sikanena kalikonse: palibe dzina la wopanga, palibe tsiku, palibe nambala yosonyeza gulu la matumba amene anapangidwira limodzi. Kulemera kwa zimenezi tinakuona m'caka ca 2024.

Caka cimeneco mvula inakana, kotero kuti pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. M'miyezi yotsatira agalu anayamba kufa pa makomo. Mu Ogasiti, Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, inauza mtundu kuti agalu pafupifupi 400 akuganiziridwa kuti anafa m'mwezi umodzi atadya zakudya zopangidwa ndi cimanga coipa, ndiponso kuti pa zitsanzo 25 zimene anatenga ku makampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoni wocuruka wochedwa aflatoxin. Unga ndi cakudya ca agalu zokhudzidwazo zinacotsedwa m'masitolo. Amene anali ndi thumba m'nyumba anatha kuwerenga dzina ndi kudziwa ngati nkhaniyo ikumukhudza. Nanga amene anagula pamela, kapena amene anataya thumba tsiku logula lomwelo, akanayang'ana pati?

Poizoni ameneyu amacokera ku cuku cochedwa Aspergillus flavus, cimene cimakonda cimanga ndi nshawa. Mbewu imene yavutika ndi cilala m'munda imagwidwa msanga, ndipo ikasungidwa isanaumitsitse cukuco cimangopitiriza. Dziko linamudziwa m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125 amene anadya cimanga coola. Amaononga ciwindi, mwa galu ndi mwa munthu momwe, ndipo akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka angayambitse khansa ya m'ciwindi. Coopsa cake n'cakuti kuphika sikumucotsa, ndipo kawirikawiri saoneka kapena kununkha. Thumba ngakhale likhale la zikutu zisanu silingacotse poizoni amene analowa cimanga cisanagayidwe. Lingathe kokha kuletsa cinyezi kuti cisaonjezere vuto, ndi kutiuza kumene cakudyaco cinacokera.

Nkhaniyi tisaione ngati ya eni agalu okha. Cimanga cimene cinapha agalu aja n'ca mtundu womwewo umene timaphikira phala la ana m'mawa. Agalu anangoyamba kugwa cifukwa thupi lawo silipirira poizoniyu, ndiponso amadya cinthu cimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Tili ndi cizolowezi m'makomo mwathu coti unga ukacita fungo, kapena tikasankha cimanga coola, timati patsani galu kapena nkhuku, ngati kuti m'mimba mwa ciweto ndi dzala. Cimanga cotere n'coyenera kutenthedwa kapena kukwiriridwa.

Tinene naponso za wanchito. Pa nyumba zambiri za ku Woodlands ndi Kabulonga, wodyetsa galu ndi mnyamata wa m'dimba kapena mayi wothandiza m'nyumba, osati mwini wake. Iye ndiye amayamba kumva kuti thumba lasintha fungo, ndiye amaona kuti galu wanunkhiza mbale n'kubwerera. Koma amaopa kunena, pakuti thumbalo mtengo wake ndi waukulu poyerekeza ndi malipiro ake, ndipo galu akafa woyamba kumuloza cala ndi iye, mwina mpaka kumuganizira kuti wagwirizana ndi akuba. Mwini nyumba amene amauza wanchito wake kuti akaona cacilendo anene mosaopa, wateteza galu wake kuposa amene wagula thumba la zipi.

Galu akakana cakudya cimene amadya masiku onse, tisamukakamize pocithira msuzi. Tiyang'ane m'maso ndi m'nkhama. Ngati mwacita cikasu, ngati akusanza, akutsegula m'mimba kapena wangofooka, tisiye kumupatsa cakudyaco tsiku lomwelo ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto, kaya wapafupi kapena ku cipatala ca ziweto ca pa Yunivesite ya Zambia, pa Great East Road, cimene a ku Chelstone amacidutsa popita ku tauni. Popita tinyamule thumba lija, pamodzi ndi cakudya cotsalamo, kuti dokotala awerenge nambala ndi kutengako capang'ono cokapima.