Sikelo isamangoona ana owonda okha

Lachitatu lapitali ndinaperekeza mlamu wanga kusikelo ndi mwana wake wa zaka ziwiri. Atamupachika pasikelo paja, mlangizi wa zaumoyo anaika kadontho m'buku, ndipo kanagwera pamwamba pa mzere womaliza. Amayi ena anayamikira: "Koma ndiye mukumudyetsatu, taonani masayawo!" Mwanayo anali ndi jigisi kudzanja ili, frizesi kudzanja linalo. Mlangizi anangoti, "Mudzabwerenso mwezi wamawa."

Anthu atachepa ndinamufunsa ngati kadontho kaja kanali pabwino. Sanandibisire. "Achimwene, kakatsika ndimadziwa chochita. Ndimayeza pamkono, ndimadina mapazi kuona ngati atupa, ndimatumiza kokalandira chiponde. Koma kakakwera chonchi, ndiwauza chiyani mayi amene aliyense akuwaombera m'manja?"

Sindikumuimba mlandu. Nkhondo yathu kwa zaka zambiri yakhala ya kunyentchera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ifenso tinadutsa m'zaka zimene munthu akawonda, anthu ankayamba kunong'onezana. N'chifukwa chake kunenepa timakuona ngati dalitso. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 ndi olemera kuposa msinkhu wawo.

Kunenepa si umboni wakuti mwana akudya bwino. Jigisi, mabisiketi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera zimadzaza mimba ndi shuga, mchere ndi mafuta, koma mwana yemweyo akhoza kukhala wochepa magazi. Ndipo amene wanenepa kwambiri ali wamng'ono nthawi zambiri amakula nako, n'kudzakumana ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo n'lakuti alangizi ndi anamwino aphunzitsidwe mbali iyinso. Choyamba, aziwerenga buku la sikelo mbali zonse ziwiri, poyerekeza kulemera ndi kutalika kwa mwana.

Chachiwiri, aphunzire kayankhulidwe. Mayi mukamunyoza pagulu kuti wanenepetsa mwana, mwezi wamawa sabweranso. Kuli bwino kumutengera pambali n'kumufunsa: dzulo mwana anadya chiyani? Amamudyetsa ndani inu mukapita kugeni? Mayankho ake ndi amene amaulula agogo othira shuga wambiri m'phala, bambo obwera ndi maswiti madzulo alionse, ndi mlezi amene amatontholetsa mwana ndi frizesi. Onsewa uthenga uyenera kuwafika.

Chachitatu, malangizo akhale oti kholo lingawakwanitse. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, n'kupitiriza mpaka zaka ziwiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, usipa, nkhwani, nthochi, ndiponso madzi m'malo mwa zotsekemera. Mwana akakhuta asakakamizidwe kumaliza mbale, komanso wonenepayo asamanidwe chakudya, pakuti akukula. Chofunika kusintha ndi zimene zili m'mbalemo. Bungwe la WHO mu 2019 linalangizanso kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azisewera moyendayenda maola atatu patsiku, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi akuonera TV kapena foni.

Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo wa zaumoyo amene amaona mwana mwezi ndi mwezi ali wamng'ono ndi mlangizi wa kusikelo. Tikamusiya wopanda chonena, mwanayo tidzamupeza pamzere wina wa kuchipatala atakula.

Ndisanatseke ndiulule. Jigisi ndi frizesi zija ndinagula ndine, pageti pa chipatala pomwepo, kuti mwana asalire pamzere. Pobwerera ndinamuuza mlamu zimene ndinamva. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye alamu, Lamlungu mubwere mudzawauze nokha agogo ake. Ine sangandimvere."