Phwando lisakwirire mbiri ya akapolo a m'chombo cha Whydah

Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ku America zimabwereketsa zipinda zawo madzulo kuti makampani achitiremo madyerero a antchito, kapena mabanja achitiremo maukwati. Zosunga mbiri ya achifwamba a panyanja ndiye zimakopa anthu, poti alendo amavala zipewa zachilendo n'kumajambulitsa pambali pa mizinga. Malondawa sindikuwatsutsa. Chomwe ndikukana n'chakuti anthu azidya ndi kuvina pakati pa zinthu zomwe sanauzidwe kuti zidachokera kuti.

Taonani zomwe zili ku Whydah Pirate Museum, ku West Yarmouth m'chigawo cha Massachusetts, komwe amasunga zinthu za m'chombo cha Whydah. Chombo cha Whydah adachikhoma ku London mu 1715 kuti chizinyamula akapolo, ndipo dzinalo n'la doko la Ouidah, lomwe lero lili m'dziko la Benin. Chitatsitsa akapolo ku Jamaica, Samuel Bellamy ndi gulu lake la achifwamba adachilanda mu February 1717. Pa 26 April chaka chomwecho namondwe adachimiza ku Cape Cod, ndipo mwa anthu 146 adapulumuka awiri okha. Wofufuza za pansi pa nyanja Barry Clifford atachipeza mu 1984, m'madzimo mudavuulidwa ndalama zasiliva, golide wosulidwa ndi anthu a mtundu wa Akan, maunyolo omangira anthu, komanso fupa la mwendo wa mnyamata John King pamodzi ndi nsapato ndi sokosi yake. Malo otere ali ngati pamanda, ndipo pamanda sitiikapo tebulo la mowa.

Eni nyumbazi anganene kuti popanda ndalama za maphwando ntchito ingaime, ndipo apo akunena zoona ndithu. Zinthu zovuulidwa m'nyanja zimabwera zitamatirirana ndi mchenga ndi dzimbiri, zimasungidwa m'madzi, ndipo kuzilekanitsa kumatha zaka ndi ndalama zambiri. Komatu ndalamayo ingapezekebe phwando likachitikira m'chipinda china, alendo atayamba ayenda ndi wowafotokozera, n'kumva za Ouidah asanakhudze mbale. Ena amati achifwambawo anali omasula anthu, poti m'magulu awo munalinso anthu akuda. Analimodi, koma achifwamba ambiri ankagulitsanso akapolo omwe awalanda, choncho nthano ya ufuluyo siyingafufute zomwe chombocho adachikhomera.

Nkhaniyi idazunguzapo kale mitu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mapulani omanga malo achisangalalo onena za Whydah adalephereka ku Boston, kenako ku Tampa, anthu akuda atakana kuti chombo chomwe chidanyamula makolo awo chisanduke choseweretsa. Kampani yomwe ikufuna kubwereka malo otere iyambe yafunsa ngati maunyolo ndi mafupa zidzakhala kutali ndi pomwera, komanso ngati wofotokoza mbiri adzakhalapo usiku umenewo. Ikauzidwa kuti ayi, ipite kuhotela, maholo ochitiramo maphwando aliko ambiri.