Za Ulendo: Kugona pa Mapiri a Tsangano

Cilimwe cafika, ndipo abale athu a kucigwa, ku Balaka ndi ku Liwonde, alikugona pabwalo cifukwa ca kutentha. Nyengo yino ndiyo yoyenera kukwera ku Tsangano, pakuti mvula ikagwa mseu wa kumapiri uterera, ndipo galimoto ititimira m'matope. Cifukwa cace tifuna kulangiza mabanja amene aganiza zopita kumeneko ndi hema, kukagona masiku awiri kapena atatu.

Njira yace siisokeretsa. Pocokera pa boma la Ntcheu mutsate mseu waukuru wa ku Dedza, nimupatuke kumanzere pa mphambano ya Tsangano, pamene amai agulitsa ndiwo zamasamba. Mseu umenewo upitirira kufikira ku Neno ndi ku Mwanza, uyenda pamsana pa mapiri amene David Livingstone anawacha Kirk Range, kulemekeza John Kirk, sing'anga wa ulendo wace wa pa Zambezi umene unayamba m'caka ca 1858. Pokwera mudzaona minda ya kacewere, ya tirigu ndi ya kabici m'mbali mwa zitunda, ndi mitengo ya mapicesi pamakomo. Musanyengedwe ndi dzuwa la usana: munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kutsika madigiri ngati 6, ndipo usiku mphepo ya kumeneko ilowa m'mafupa. Tengani mabulangete okwanira ana.

Koma cimene tifuna kuti mucisunge mumtima ndi ici. Pa msana wa mapiri awa madzi agawikana. Mvula yogwa kum'mawa itsikira ku Lisungwi ndi ku Wamkulumadzi, nikathira mu Shire. Yogwa kumadzulo ipita ku Revubwe, nikalowa mu Zambezi pafupi ndi Tete. Angelezi ndi Apwitikizi, popangana za malire m'caka ca 1891, anatsata mgawo wa madzi womwewo. Ndico cifukwa cace kutsidya, ku Mozambique, kulinso boma lochedwa Tsangano, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri akwatirana nalankhula cinenero cimodzi. Wogona pamwamba apo agona pa mutu wa mitsinje ya maiko awiri.

Tsono m'cilimwe udzu uli gwa, ndipo mphepo siipuma. Khala limodzi losiyidwa pa mafuwa likhoza kutentha phiri lonse. Moto ukapita, nthaka itsala yamariseche. Mvula yoyamba siilowanso pansi kukadyetsa akasupe, koma ithamanga pamwamba, nikokolola dothi la m'minda. Pamenepo wosauka si mlendo amene anabwerera kwao, koma mai amene adzayenda mtunda wautali ndi mtsuko, ndi mlimi amene dimba lace lidzauma.

Potero, musanakhome hema, pitani kwa nyakwawa mukaonekere, kuti akulozereni malo, ndiponso kuti mungadumphe malire osadziwa. Paja safunsa anadya phula. Lambulani udzu mozungulira posonkha moto. Tolani nkhuni zouma, osagwetsa mtengo wamoyo. Musacape ndi sopo pa kasupe, koma tungani madzi mukacapire patali. M'mawa thirani madzi pa makala, nimukhudze phulusa ndi dzanja. Ngati likali lofunda, nthawi yonyamuka siinakwane. Ndipo pogula kacewere musanyoze mtengo wace, pakuti thukuta la m'phiri nlowawa.

Akuru anati mlendo ndi mame. Mame agona pa udzu usiku, nacoka m'mawa osauononga. Pitani, ana anu aone ukuru wa nchito za Mlengi, ndipo eni mudzi akatuluka kukaona pamene munagona, apeze udzu wokha wopindika. Muyende bwino, Ambuye akusungeni panjira.