Ma Necron sanawonongedwe mu 2011, anangopezeka ndi mlandu

Mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi ku hosteli ali ndi dandaulo limene satopa nalo: akuti kampani ya Games Workshop inawononga ma Necron mu 2011. Maganizo amenewa si ake yekha, okonda Warhammer 40,000 ambiri akhala akuwabwereza kwa zaka zoposa khumi. Ine ndikuti akulakwitsa kwambiri.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, Warhammer 40,000 ndi masewera a tizidole tankhondo toseweretsa patebulo, opangidwa ku Nottingham kuyambira 1987 (ine ndimangowerenga mabuku ake, mtengo wa tizidoleto si wa munthu wodalira loni). Ma Necron ndi mafupa achitsulo oyenda, koma kale anali mtundu wa mnofu ndi magazi wotchedwa Necrontyr. Dzuwa la kwawo linkawadwalitsa, ankafa asanakalambe, ndipo mizinda yawo inali manda okhaokha. Anachitira nsanje ma Old Ones omwe sankafa, anawaputa nkhondo, nagonja. Apo m’pamene anakumana ndi ma C’tan, zolengedwa zodya mphamvu ya nyenyezi. Mmodzi mwa ma C’tan, Deceiver, analonjeza mfumu Szarekh matupi osafa. Mtundu wonse unalowa m’ng’anjo n’kutulukamo uli chitsulo, mizimu yawo itadyedwa. Pambuyo pake anakagona m’manda mwawo zaka 60 miliyoni.

M’buku la malamulo la 2002, ma Necron anali akapolo a ma C’tan, osalankhula, osaganiza, ongokolola zamoyo. Buku la 2011, lolembedwa ndi Mat Ward, linawapatsa mafumu, mabanja achifumu ndi mikangano, n’kunena kuti anaukira ma C’tan n’kuwaphwanya zidutswazidutswa. Mnzangayo akuti mantha onse anathera pomwepo, chifukwa chigoba chikayamba kulankhula sichiopsanso.

Koma chigoba chosalankhula chili ngati chivomezi. Chimapha, inde, koma sungachifunse kuti unachitiranji. Zimene 2011 inabweretsa ndi funso lakuti anavomera ndani, nanga anapindula ndani. Yankho lake ndi loopsa kuposa maso obiriwira owala mumdima.

Taonani mmene anagawirana kusafako. Mafumu ndi nduna zawo analandira matupi abwino, nasunga nzeru, zikumbukiro ndi mayina awo. Anthu wamba analandira matupi otchipa, ndipo m’mutu mwawo munangotsala kanyenyeswa kokwanira kumva lamulo ndi kuwomba mfuti. Okana anakokeredwa kung’anjoko mokakamiza. Awa ndiwo ma Necron Warrior amene osewera amawandandika patebulo makumimakumi osawaganizira. Aliyense wa iwo anali mlimi kapena mmisiri, mayi wa wina wake.

Ali ndi mnofu, mfumu ndi wantchito wake ankadwala matenda amodzi n’kufa imfa imodzi, ndipo mwana wa wantchitoyo akanatha kudzaona zina. Tsopano palibe kufa, palibenso kubereka. Msilikali akaphwanyidwa kunkhondo, thupi lake limadzilumikiza n’kudzukanso, kapena limabwezedwa kumanda kukakonzedwa kuti adzamenyenso nkhondo ya bwana yemweyo. Sangathawe, sangaukire, sangadziwe n’komwe kuti analandidwa kanthu. M’kalasi timawerenga za maufumu opondereza amene anagwa chifukwa mafumu amakalamba ndipo oponderezedwa amakumbukira. Ma Necron anatseka zitseko zonse ziwirizo. Buku la 2002 silikanatha kunena zimenezi, poti mmenemo onse anali akapolo ofanana.

Ndipo mabwanawo sanapulumuke. Nemesor Zahndrekh amakhulupirira kuti akadali ndi mnofu. Amasunga anthu omulawira chakudya poopa poizoni pamene pakamwa pake sipadutsa kanthu, ndipo adani ake amawaona ngati ma Necrontyr anzake opanduka. Womulondera, Obyron, amadziwa zoona zake koma amangokonza zinthu mwakachetechete. Aliyense amene anasamalapo agogo oiwalaiwala sangaseke nthawi yaitali pamenepa. Ma Flayed One amalakalaka nyama imene sangathe kudya, mpaka amavala zikopa za anthu amene awapha. M’mabuku a Nate Crowley a The Twice-Dead King, kalonga Oltyx amagwidwa ndi mantha a thupi lofuna kupuma pamene mapapo kulibe. Ndinawerenga zimenezo usiku, ndipo ndinadzipeza ndikuwerengera mpweya wanga.

Pamodzi pokha ndimamuvomereza mnzanga: nthabwala zinachuluka. Trazyn the Infinite, amene amaba zinthu ndi anthu amoyo n’kukaziika m’nyumba yake yosungiramo zakale ku Solemnace, anthu amuchita chidole choseketsa, makamaka chitulukire buku la Robert Rath, The Infinite and the Divine, mu 2020. Komabe nthabwalayo ili ndi mano. Iye sadzitcha wakuba, amati akusunga mbiri imene eni ake sangaisamale. Chigaza cha ku Kabwe chinafukulidwa mu 1921 ndipo mpaka lero chili ku London ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha. Trazyn sindimuona ngati mlendo.

Mnzanga akufuna ma Necron opanda nkhope chifukwa amenewo safuna kuti uganize. Amangobwera, iwe n’kuwombera. Ine ndikufuna amene ali ndi Szarekh, mfumu imene inasaina m’malo mwa mtundu wonse, n’kuzindikira itatuluka kale m’ng’anjo kuti yagulitsa anthu ake. Nkhaniyo imati atagonjetsa ma C’tan anaphwanya malamulo amene ankamupatsa mphamvu yolamulira maganizo a Necron aliyense, nachoka yekha mwamanyazi kunja kwa mlalang’amba. Ena amamutamanda kuti anabweza ufulu. Anaubweza kwa mafumu anzake, amene anali ndi mutu woulandirira. Atabwerera, asilikali wamba aja anawapeza ali pamzere monga anawasiyira.