Benchi ya pamsika nayonso ndi kalasi

Amayi ndi abambo a geni, sabata ino tiyeni ku Milonde, ku Mulanje uko, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndikambe za ana aulumali: osamva, osaona, ndi aja mutu umagwira mochedwa.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidati pulayimale ndi yaulere, ana n'kukhamukira kusukulu ngati ngumbi. Koma mwana wosamva, m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi, angatolepo chiyani? Aphunzitsi odziwa za ana otere amasulidwa ku Montfort, ku Nguludi, koma ndi ochepa. Sukulu ya osamva ya Mountain View ili ku Bvumbwe, ndipo thiransipoti yake si ya munthu wogulitsa nthochi.

Ndiye ena amangomutsekera mwana m'nyumba, iwo ulendo ku Limbuli kukaoda katundu. Zimenezo ayi, abale.

Ine ndikuti kambiranani ndi ahedi. Mwana azipita masiku awiri kaya atatu pasabata, azolowere anzake. Masiku enawo mukhale naye pabenchi. Aunjike tomato anayianayi, awerenge milu, abweze chenji inu mukuona. Si samu zimenezo? Makasitomala ena adzayankhula zopusa, asiyeni. Madzulo mkulu wake amuonetse m'kope zomwe anzake alemba.

Koma a boma musayese ndakutulani katundu. Lamulo la anthu aulumali la 2024 likuti maphunziro ndi ufulu wawo. Mphunzitsi wa ku Montfort uja tikumufuna ku Milonde, njinga yoyendera m'midzi mumupatsenso.