Malemu bambo ake adabwerera pachithunzi

Tsiku lina titaweruka, mtsikana wa Fomu 3 adatsalira pakhomo la ofesi. M'manja adali ndi foni ya amayi ake komanso chiphaso cha unzika cha malemu bambo ake, chija adajambulitsa pa kalembera wa 2017. Bambowo adali msodzi wa usipa cha ku Senga Bay, ndipo mwera udawapeza ali pakati pa nyanja usiku.

"Aphunzitsi, amayi akuti inu mumatha zapakompyuta. Tilibe chithunzi chomwe tili pamodzi ndi ababa."

Kunena zoona, sindinkatha. Koma mwana wamasiye akakupempha chotere, pakamwa pamalemera kukana. Photoshop imafuna kulipira mwezi ndi mwezi ndi ndalama yakunja, ndiye ndidatenga GIMP, pulogalamu yaulere yomwe adaiyamba ophunzira awiri a ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995. Ndinkaphunzira usiku, ndikatha kuchonga makope, magetsi akatikomera mtima.

Chinsinsi chake ndi ma layer. Taganizirani mapepala a pulasitiki aja timakutira makope. Lapansi muikepo nyanja, lachiwiri amayi ndi ana, lachitatu nkhope ya bambo, kenaka muwasanjikize. Diso limaona chithunzi chimodzi, koma pepala lililonse mutha kulisuntha, kulichepetsa kapena kulichotsa osakhudza linzake. Photoshop idabweretsa njirayi mu 1994.

Ine ndidayamba ndi chofufutira, n'kudula khutu la malemu, ndipo ntchito ya usiku wonse idapita pachabe. Pambuyo pake ndidadziwa mask. Ukapaka zakuda, gawo limenelo limabisika. Ukapaka zoyera, limaonekanso. Palibe chotayika. Ndikadadziwa msanga, bwenzi khutu lija litapulumuka.

Koma chidandisautsa kwambiri n'kuwala. Kuno ku Salima dzuwa limatulukira kunyanja. Chithunzi chomwe chidali m'foni adachijambula m'mawa, nyanja ili kumbuyo, choncho nkhope zonse zidada. Nkhope ya pachiphaso ndi yowala kuchokera kutsogolo. Nditaziphatikiza, bambo adaoneka ngati mzukwa waima pakati pa anthu. Palibe batani lomwe lidathandiza. Tidabwerera kugombe cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa lili kumtunda likuwomba nkhope zawo, n'kujambulanso. Mng'ono wa malemu adavala jekete la mkulu wake n'kuima pambali pa alamu ake kuti atibwereke thupi. Ndidawaimika patali pang'ono, chifukwa chithunzi cha pachiphaso n'chaching'ono, ukachikulitsa chimachita mbuu.

Kubwereka thupi sikudayambe ndi ine. Ku America kuli chithunzi chotchuka cha Abraham Lincoln chomwe mutu ndi wake koma thupi ndi la wandale wina, John Calhoun. Ku Soviet Union, Stalin atathana ndi mkulu wa apolisi ake achinsinsi, Nikolai Yezhov, adamufufutanso pachithunzi chomwe adajambulitsa limodzi m'mbali mwa ngalande ya madzi. Luso lomwe lidatonthoza namfedwa ku Senga Bay ndi lomwelo lomwe anthu amaipitsira nalo mbiri ya anzawo pa Facebook ndi WhatsApp.

N'chifukwa chake anyamata a Fomu 4 atamva za chithunzichi n'kubwera kuti ndiwaphunzitse, ndidayamba ndazengereza. Ndikuwadziwa ana anga. Mawa mungaone nkhope ya mtsikana wosalakwa ili m'bala momwe sadapondemo. Ndidawauza za lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, lomwe limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo tidagwirizana zinthu ziwiri: nkhope ya munthu sitigwira mwini wake kapena abale ake asadalole, komanso kuseri kwa chithunzi chilichonse timalemba kuti n'chosanjikiza. Awiri adachoka pomwepo. Asanu adatsala.

Chithunzi chija ndidakatsukitsa ku Kamuzu Road n'kupatsa mtsikanayo. M'mawa mwake adabwera nacho. Poyesa kukongoletsa, ndidali nditasalaza chipsera chomwe mbedza idasiya pa tsaya la malemu.

"Amayi akuti awa si amuna awo. Akuti mubwezeretse chipsera."

Mwamwayi ndidasalazira pa layer yakeyake. Ndidangoizimitsa, chipsera n'kubwerera, ndipo Loweruka ndidakweranso kabaza wopita ku Kamuzu Road.