Yambani Mwafunsa Mkazi Wake

Kwathu kuno ku Nkhotakota mfuti si yachilendo. Jumbe, amene adakhazikika pano cha m'ma 1840, adagonjetsa midzi ndi mfuti nkumaolotsa makolo athu m'zombo kukawagulitsa ku Kilwa. Tidaphunzira kalekale kuti mfuti imatsata mtima wa mwini wake. Nanga bwanji lero tikupereka chiphaso cha mfuti tisadaufufuze mtimawo?

Ndidali ndi mnansi amene adapeza chiphaso ponena kuti mvuu zikumuthera mpunga kudambo. Nzoona, mvuu zimaononga. Koma akangokangana ndi mkazi wake, bamboyo ankatulutsa mfuti ija nkumaipukuta pakhonde, osalankhula kanthu. Mapeto ake mayiyo adathawira kwawo usiku, mwana ali kumsana. Mfutiyo siidalirepo ngakhale kamodzi, komabe ntchito yake idagwirika.

Lamulo lathu la mfuti, la mu 1967, lidaika udindo wopereka ziphaso m'manja mwa apolisi. Kufufuza ngati wopemphayo adamangidwapo nkwabwino, koma sikukwanira. Ndani sadziwa kuti nkhanza zambiri za m'banja zimathera kwa ankhoswe ndi pabwalo la nyakwawa, osafika m'kaundula wa boma? Mnansi wanga uja papepala adali woyera ngati ufa. Mudzi wonse unkamudziwa, koma palibe adatifunsa.

Ena amati, "Mbava sizipempha chiphaso, nanga muvutitsirenji anthu abwino?" Inde, mfuti za AK-47 zimene zidalowa m'dziko muno ndi nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, zidalibe pepala. Zimenezo apolisi azisake. Koma mbava imabwera usiku umodzi, pomwe mwini chiphaso amagona m'nyumbamo usiku uliwonse.

Ku Canada wopempha chiphaso amayenera kutchula mkazi kapena mwamuna wake, ngakhale amene adasiyana naye posachedwa, kuti naye adziwe ndi kunenapo ngati ali ndi mantha. Ife tilephereranji, pomwe tili ndi mafumu odziwa khomo lililonse? Ndikuti afunsidwe amfumu, afunsidwe ankhoswe, ndipo mkazi afunsidwe payekha, mwamuna palibe. Amene khoti lamuletsa kuopseza banja lake potsata lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja, alandidwe mfuti tsiku lomwelo. Mvuu zikavuta, tiitane alonda a zanyama, ndiyo ntchito yawo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma pankhani ya mfuti, wosafunsa amakhala mu ofesi, phulalo nkudya mayi ndi ana.